Moto ukabuka kuchigwa, madzi adzera pati?

Kutentha kwa kuchigwa cha Shire kumakakamiza omanga nyumba zikuluzikulu kudzaza kudenga ndi mapaipi odutsa mphepo yozizira. Koma mapaipi omwewa atha kutsekereza madzi ozimitsa moto tsiku la tsoka. Mtolankhani wathu akuunika nkhaniyi.

Aliyense amene adadutsapo pa Nchalo m'chilimwe amawadziwa masipirinkala. Amakhala akuzungulira m'minda ya nzimbe, kumwaza madzi ngati mvula pomwe kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo.

Koma pali mtundu wina wa sipirinkala womwe ambirife sitiulabadira ngakhale timadutsa pansi pake tikalowa m'masitolo akuluakulu ndi m'mahotela ena a m'tauni. Ndi kachitsulo kakang'ono, kutalika kwake ngati chala chachikulu, kolendewera kusiling'i, pakati pake pali kabotolo kagalasi kofiira. Kamatha zaka 10 kapena 20 kali phee. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi basi, tsiku lomwe nyumba yagwira moto.

Tsikulo likafika, madzi ayenera kutuluka okwanira, ndi mphamvu yokwanira, n'kugwera pomwe pali motopo. Zimenezi sizichitika mwa mwayi. Zimatengera masamu omwe munthu wina adawerengera, kapena sadawerengere, nyumbayo isadamangidwe.

Ozimitsa moto ali kutali

M'dziko muno magalimoto ozimitsa moto a makhonsolo amapezeka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kwa munthu wa kuchigwa, thandizo la mtunduwu liyenera kuchokera ku Blantyre, kutsika zitunda zokhotakhota mpaka pa Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenaka n'kuyamba kusaka komwe kukufuka utsi.

Kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Pa Nchalo ndi pafupifupi 80, pomwe pa boma la Nsanje ndi oposa 170. Galimoto yolemedwa ndi madzi siithamanga pa zitundazi. Chonsecho moto wa m'nyumba yodzaza katundu sudikira ola. Mphindi zochepa zimaukwanira kuti ufike kudenga.

Amalawi tidaonapo zomwe moto umachita. Mu Disembala 2015 laibulale ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu idapsa, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa. Mu 2018 mbali ina ya chipatala cha boma cha Mangochi idayaka. Pa 31 Ogasiti 2023 moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso mumzinda wa Johannesburg, ndipo ena mwa iwo adali abale athu omwe adapita kukasaka maganyu.

Pakalipano kuchigwa kukubwera chitukuko. Ntchito ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ngalande yake ikuchokera ku Kapichira, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Komwe kwachuluka zokolola kumabweranso nyumba zosungiramo katundu, mafakitale, masitolo ndi malo ogona alendo. Nyumba zoterezi zikagwira moto, wozimitsa woyamba, mwinanso womaliza, adzakhala paipi yomwe ili kudenga.

Momwe kachitsuloka kamagwirira ntchito

Luso limeneli si lachilendo. Henry Parmelee wa ku America adalipanga mu 1874 pofuna kuteteza fakitale yake yopanga mapiyano, ndipo Frederick Grinnell adalikonzanso bwino mu 1881.

Mapaipi amakhala odzaza madzi usana ndi usiku. Pakamwa pa sipirinkala iliyonse pamakhala potseka, ndipo chogwirizira chitsekerocho ndi kabotolo kagalasi kaja. M'kati mwake muli timadzi tomwe timafufuma tikatenthedwa. Kutentha kukafika pa mlingo wake kabotoloko kamaphulika, madzi n'kutuluka, n'kumenya kambale kachitsulo kokhala ndi mano, n'kumwazika ngati ambulera.

M'mafilimu timaona masipirinkala onse akutseguka nthawi imodzi munthu akangoyatsa ndudu. Limeneli ndi bodza la m'mafilimu. Pa mtundu wofala wa zipangizozi, imatseguka ndi yokhayo yomwe yamva kutentha, ndipo utsi paokha suiphulitsa. Nthawi zambiri imodzi kapena zingapo zimakwanira kuugwira motowo usadakule.

Sipirinkala wamba imatulutsa malita 80 pa mphindi ngati mphamvu ya madzi, yomwe mapulambala amati pulesha, ili pa bar imodzi. Izi ndi ndowa zinayi za malita 20 pa mphindi iliyonse. Koma kuti itulutse madzi owirikiza kawiri, pulesha iyenera kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake injiniya amaisunga puleshayi ngati ndalama yomaliza ya mwezi.

Walira mvula walira matope

Vuto la kuchigwa likuyambira pa nyengo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha pa Ngabu, pa Bangula ndi pa Nsanje kumadutsa madigiri 40. Sitolo yaikulu, chipinda cha opaleshoni, banki kapena holo ya misonkhano sizingagwire ntchito bwino popanda makina oziziritsa ndi otulutsa mpweya.

Makina akuluakulu otere amatumiza mphepo kudzera m'mapaipi a malata ooneka ngati mabokosi ataliatali omwe amisiri amawatcha madakiti. Ena amakhala otambalala kuposa mita imodzi, ndipo amadutsa pansi pa denga, malo omwewo omwe mapaipi a masipirinkala, mawaya a magetsi ndi magetsi ounikira amalimbirana.

Dakiti imasokoneza m'njira ziwiri. Yoyamba, imatchinga madzi. Sipirinkala ikakhala pamwamba kapena pambali penipeni pa dakiti, madzi amamenya malatawo n'kutsetsereka m'mbali, pansi pake n'kukhala pouma ngati pansi pa mtengo wa mango nthawi ya mvula yowaza. Moto ukayambira pamthunzi umenewu umakula mwaufulu pomwe madzi akugwera pena.

Malamulo omwe mainjiniya ambiri amatsatira padziko lonse amanena momveka za izi. Buku la ku America lotchedwa NFPA 13 limafuna kuti chotchinga chokhazikika chikatambalala kuposa mamita 1.2, pansi pake paikidwenso sipirinkala ina. Malamulo a ku Ulaya a EN 12845 ndi okhwimirapo: dakiti ya makona anayi ikaposa mita imodzi ikufunika sipirinkala pansi pake, ndipo ikakhala yogundana ndi khoma malirewo amatsika kufika pa masentimita 80. Ku South Africa, komwe kumachokera zipangizo zambiri zomwe timagula, kuli bungwe la ASIB lomwe limayendera ntchito zotere.

Pa zotchinga zing'onozing'ono, monga paipi ina kapena chitsulo chogwira denga, pali lamulo losavuta kukumbukira: sipirinkala italikirane ndi chotchingacho katatu kukula kwake. Chitsulo cha masentimita 10 chikhale pamtunda wa masentimita 30.

Njira yachiwiri yomwe dakiti imasokonezera ndi yobisika. Imakakamiza paipi ya madzi kukhota.

Kukhota kulikonse kumadya mphamvu

Tiyerekeze kuti pa Bangula pakumangidwa nyumba yosungiramo katundu. Pa pulani, paipi ya mamilimita 50 idajambulidwa yowongoka. Amisiri a mapaipi akufika, apeza anzawo a makina oziziritsa adawatsogolera, dakiti yadutsa kale pomwe paipiyo imayenera kudzera.

Mmisiri wochenjera sataya nthawi. Atenga maelibo anayi. Paipi itsika, idutsa pansi pa dakiti, ikwera, ipitirira ulendo. Ntchito yaoneka yaukhondo, mwini nyumba wasangalala.

Koma madzi sakonda kukhota. Malinga ndi mndandanda womwe mainjiniya amagwiritsa ntchito, elibo imodzi ya paipi ya mamilimita 50 imadya pulesha yofanana ndi yomwe ikadadyedwa ndi paipi yowongoka ya mita imodzi ndi theka. Maelibo anayi ndi mamita 6. Tikaonjezera masentimita 60 otsika ndi 60 okwera, kagawo komwe pa pulani kadali ka mamita atatu kasanduka ka mamita oposa 10. Zikachitika pa madakiti atatu kapena anayi, sipirinkala ya kumapeto kwa mzere imalandira madzi ofooka.

Chinanso, sipirinkala yomwe yaonjezedwa pansi pa dakiti nayo ikufuna madzi ake. Paipi yomwe idawerengeredwa kudyetsa masipirinkala asanu tsopano ikudyetsa asanu ndi imodzi kapena asanu ndi awiri. Madzi odutsa m'paipi akawirikiza kawiri, pulesha yotayika chifukwa cha kukhuzana ndi makoma a paipiyo imachuluka pafupifupi katatu ndi theka.

Kukula kwa paipi ndiye nkhani yaikulu koposa. Masamu a Hazen-Williams, omwe ndiwo amagwiritsidwa ntchito pa mapaipi a masipirinkala, amasonyeza kuti kuchepetsa paipi ndi theka kumachulukitsa pulesha yotayika pafupifupi ka 30. Ngakhale kutsika pang'ono chabe, kuchoka pa mamilimita 50 kupita pa 40, kumaichulukitsa pafupifupi katatu.

Apa ndi pomwe pali chiyeso. Paipi yaing'ono ndi yotchipa, yopepuka, ndiponso imalowa mosavuta pa mpata wopanikizika wa pakati pa dakiti ndi denga. Kontirakitala amene wapanikizika ndi kukwera mtengo kwa zitsulo atha kuganiza kuti mamilimita 10 si kanthu. Palibe angazindikire, chifukwa paipi ya sipirinkala siili ngati ya kubafa yomwe madzi akafooka mumadandaula tsiku lomwelo. Cholakwikacho chimadzaonekera tsiku la moto.

Nanga injiniya wodziwa ntchito amatani? Amayambira pa sipirinkala yomwe ili kutali kwambiri ndi pampu, yomwe madzi amavutika kuifikira. Amaipatsa madzi ndi pulesha zomwe ikufunika, kenaka n'kumawerengera chobwerera m'mbuyo, paipi ndi paipi, elibo ndi elibo, mpaka kukafika pa pampu. Mita iliyonse yomwe madzi akukwera amaiwerengeranso, popeza mamita 10 okwera amadya pafupifupi bar imodzi.

Njira ikasintha pamalo omangapo, masamuwa amayenera kubwerezedwa. Nthawi zina yankho ndi kukulitsa paipi pa gawo lokhotalo. Nthawi zina ndi kugwiritsa ntchito maelibo opendekera a madigiri 45, omwe pa paipi ya mamilimita 50 amadya ngati masentimita 60 okha lililonse. Nthawi zina ndi kulumikiza mizere ya mapaipi mbali zonse ziwiri kuti madzi azibwera kuchokera uku ndi uku. Koma njira yotchipa kuposa zonse ndi yoti wa madakiti, wa magetsi ndi wa masipirinkala akhale pa tebulo limodzi ndi mapulani awo chitsulo chisadadulidwe. Kusuntha mzere pa pepala kumangofuna labala.

Pali tinthu tina tomwe timaiwalika. Paipi yotsika pansi pa dakiti n'kukweranso imapanga kachithaphwi komwe madzi amatsalira mapaipi akamakhuthulidwa. M'menemo mumaunjikana dzimbiri ndi matope, choncho pamafunika potulutsira madzi pakepake. Komanso paipi yodzaza madzi ndi yolemera. Iyenera kugwiridwa ndi zitsulo za nyumba kapena zogwirizira zomwe zidawerengeredwa kusenza katunduyo, osati kumangiriridwa ndi waya pa malata opyapyala a dakiti.

Zovuta za kuchigwa kokha

Pulani yomwe idagwira ntchito ku Limbe kapena ku Dedza siingangotengedwa n'kukaikidwa pa Ngabu.

Choyamba ndi kutentha. Mtundu wa kabotolo kaja uli ndi tanthauzo: kofiira kamaphulika pa madigiri 68, kachikasu pa 79, kobiriwira pa 93. Malamulo a ku Ulaya amalangiza kusankha kabotolo kophulika pa madigiri pafupifupi 30 pamwamba pa kutentha kwakukulu kwa pamalopo. Ngati panja pali madigiri 42, pansi pa denga la malata lopanda chotchinga kutentha pamaposa apo. Kabotolo kofiira, komwe ndi kofala m'maofesi a ku Blantyre, pamalo otere katha kufooka n'kuphulika popanda moto, n'kunyowetsa matumba a shuga kapena a feteleza. Mwini nyumba akapsa mtima amatseka vavu yaikulu, ndipo kuyambira tsikulo nyumbayo ilibenso chitetezo. Kafukufuku wa bungwe la NFPA wakhala akusonyeza kuti chifukwa chachikulu chomwe masipirinkala amalepherera kugwira ntchito ndi choti wina adatseka madzi.

Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Madera ambiri a kuchigwa ali ndi madzi a pansi a mchere, monga amadziwira aliyense amene adalawapo madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa. Madzi otere amadya chitsulo. M'kati mwa paipi mukachita dzimbiri, njira imachepa ndipo makoma amakhakhala, masamu a tsiku loyamba aja n'kusiya kugwira ntchito. Madzi a mu Shire nawo amabwera ndi matope omwe atha kutseka kakamwa ka sipirinkala ngati sadasefedwe.

Chachitatu ndi kuchuluka kwake. Pa sitolo yaikulu wamba, malamulo a EN 12845 amafuna madzi okwana malita asanu pa mphindi pa sikweya mita iliyonse, pa malo a masikweya mita 216, kwa ola lathunthu. Tikawerengera, ndi malita 1,080 pa mphindi, kapena 64,800 pa ola, zomwe ndi ndowa 3,240. Umenewu ndi mlingo wotsikitsitsa, ndipo nyumba zounjika katundu mpaka kumwamba zimafuna oposa apa. Mpopi wa Water Board sungapereke madzi otere pa nthawi imodzi. Pamafunika thanki yakeyake yosagwiritsidwa ntchito zina, ngakhale madzi atavuta bwanji pamalopo.

Chachinayi ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pampu yodalira magetsi a Escom okha ndi mlonda yemwe amagona kukada. Pambali pake pamafunika pampu ya dizilo yomwe imalizidwa sabata ndi sabata kuti ione ngati ili moyo.

Shuga, ethanol ndi thonje

Chuma cha kuchigwa chagona pa zinthu zosachedwa kuyaka. Fakitale ya shuga ya Nchalo idayamba kugaya nzimbe mu 1966. Kampani ya PressCane, yomwe imapanga ethanol kuchokera ku manyuchi a nzimbe pafupi ndi Dyeratu, idayamba ntchito mu 2004. Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma odziwikanso ndi ulimi wa thonje, lomwe moto wake umatha kunyekera m'kati mwa belo osaoneka kunja.

Katundu aliyense ali ndi moto wake. Ethanol imayaka ndi lawi lovuta kuliona masana ndipo imasakanikirana ndi madzi, choncho imafuna thovu lapadera. Fumbi la shuga likadzaza mumpweya pamalo otsekeka limatha kuphulika ngati bomba.

Dziko lidaphunzira izi pa 7 Febuluwale 2008 pomwe fakitale ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, idaphulika n'kupha anthu 14. Ofufuza adapeza kuti fumbi la shuga lidaunjikana m'nyumbazo, kuphatikizapo m'malo okwera ovuta kusesa, komanso kuti zipangizo zoyamwa fumbi sizimasamalidwa bwino. Kuphulikako kudathyola mapaipi a madzi ozimitsira moto. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: pamwamba pa dakiti iliyonse m'fakitale ndi shelefu ya fumbi, ndipo sipirinkala siingalowe m'malo mwa tsache.

Udindo wa mwini nyumba

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito lomwe dziko lino lidakhazikitsa mu 1997 lidaika pa mapewa a olemba ntchito udindo woteteza antchito awo ku ngozi, kuphatikizapo ya moto. Koma lamulo silingakwere makwerero kukasuzumira kusiling'i. Zimenezi ndi za mwini nyumba, komiti ya chipatala, akuluakulu a kopaletivi ndi ogwira ntchito eni ake.

Simukuyenera kukhala injiniya kuti mufunse mafunso oyenera. Kontirakitala akuonetseni masamu a mapaipi osainidwa ndi injiniya wovomerezeka. Yerekezani pulani ndi zomwe zili kudenga. Ngati paipi yakhota pomwe pa pepala idali yowongoka, funsani ngati masamu adabwerezedwa. Imani pansi pa dakiti yaikulu muyang'ane m'mwamba ngati pali sipirinkala. Ntchito isadalandiridwe, atsegule vavu yoyesera muone ndi maso anu madzi akutuluka komanso belu likulira.

Nyumba ikayamba kugwira ntchito, matumba asaunjikidwe mpaka kugunda kudenga. Pansi pa sipirinkala pakhale mpata wa pafupifupi theka la mita. Opaka penti asaipake, popeza yopakidwa penti imayenera kuchotsedwa n'kuikapo yatsopano. Pasapachikidwe zovala, mabaluni kapena nsalu za ukwati. Ndipo tsiku lomwe mudzaganize zoonjezera makina oziziritsa kapena kugawa chipinda ndi khoma latsopano, itanani wa masipirinkala adzaone musadayambe, chifukwa dakiti yobwera pambuyo imatchinga madzi chimodzimodzi ndi yoyamba ija.

Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Nchalo amadziwa kuti mzere wakumapeto kwa munda ndi womwe umanena zoona za pampu: madzi akafooka, nzimbe za kumeneko ndizo zimayamba kufota. Mlimi amaona kufotako n'kukonza sabata yomweyo. Wa nyumba alibe mwayi wotero. Paipi yake ili kuseri kwa siling'i, ndipo galimoto yofiira ija ili kuseri kwa zitunda. Nthawi yake yofunsa ndi ino, njerwa zikadali pansi.